Ng'ombe ikamabereka, yang'anani wotchi musanagwire chingwe

Awa ndi mawu omwe anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu pa Boma. Tawalemba kuti nanunso amene simunabwere muwerenge.

 Kuno ku Chiradzulu ambirife tikudziwa chomwe ng'ombe yamkaka imatanthauza pakhomo: fizi, feteleza, sopo, zonse zimachokera mu chigubu chomwe chimapita kogulitsira mkaka m'mawa. Ena ng'ombeyo munalandira mwa ndondomeko yopatsirana, ndiye pali banja lina lomwe likudikira thole lanu. Koma usiku umene ng'ombe ikubereka, amene amatumidwa kukhola ndi tochi ndi ndani? Ndife achinyamata. Ndiye tiyeni tidziwe chochita.

Ntchito imayamba pa tsiku lokweretsa. Kaya ndi nkhunzi kaya ndi AI, lembani tsikulo m'kope kapena pa foni. Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 280, ndiye kuti miyezi 9 ndi sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kukatsala miyezi iwiri, siyani kuikama kuti ipume. Kukatsala sabata, konzani malo ouma, yalani udzu, ndipo ikani pamodzi ndowa, sopo, zingwe ziwiri zochapa bwino, magolovesi ndi ayodini. Nambala ya alangizi a ziweto ikhale mu foni, ndi mayunitsi omwe.

Nthawi ikayandikira, mawere amadzaza, kumbuyo kumatupa, ndipo m'mbali mwa tsinde la mchira mumalowa mkati. Kenako ng'ombe imasowa mtendere: kugona, kudzuka, kukweza mchira, kusiya kudya. Zimenezi zimatha kutenga maola 2 mpaka 6, ndipo yoyamba kumene kubereka imachedwerapo. Apa njira ya mwana ikutseguka yokha. Musaigwire, musaitane mudzi wonse. Ng'ombe ikaona chigulu imasiya kutchima. Muzingosuzumira mwakachetechete ola lililonse.

Thumba la madzi likaonekera, yang'anani nthawi pa foni ndipo muisunge. Kuyambira apa muzisuzumira mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Mwana amene akubwera bwino amatsogoza miyendo iwiri yakutsogolo, kunsi kwa ziboda kutaloza pansi, mphuno itagona pamwamba pa miyendoyo. Mukaona choncho ndipo akusuntha pang'onopang'ono, manja m'thumba basi. Ng'ombe zambiri zimamaliza zokha mu ola limodzi kapena awiri.

Nanga mulowererepo liti? Ngati yatchima mwamphamvu mphindi 30 koma palibe chikusuntha. Ngati padutsa maola awiri chionekereni thumba koma mwana sanatuluke. Ngati mukuona mwendo umodzi wokha, mutu wokha, mchira wokha, kapena ziboda zoloza kumwamba, zomwe kawirikawiri zimasonyeza kuti akubwera chammbuyo. Ngati lilime la mwana latupa. Zikatere imbani foni nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche. Mwana amene wagona molakwika sakokedwa, amayamba wakonzedwa kaye mkati, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu wophunzira. Boma lathu lili ndi mwayi, ku Mikolongwe n'komwe kuli malo a zaziweto odziwika m'dziko muno, koma mwayi umenewu sungathandize ngati foni yaimbidwa ng'ombe itafooka kale.

Alangizi akakuuzani kuti mwana wagona bwino ndipo mungathe kuthandiza, sambani mikono, tsukani kumbuyo kwa ng'ombe ndi sopo, valani magolovesi chifukwa matenda ena amachoka ku ng'ombe n'kugwira munthu. Mangani chingwe chilichonse pa mwendo wakewake, pamwamba pa mfundo ya chiboda. Kokani pokhapokha ng'ombe ikamatchima, ikapuma nanunso pumani. Mutu ukatuluka, muzikokera cha pansi, kumiyendo ya mayi. Anthu awiri akwana. Ngati awiri alephera, ndiye kuti sikuti mphamvu yachepa, koma mwana wakula kapena wakodwa. Zomangirira pa njinga yamoto zija, chonde ayi. Mumang'amba mayi, mumathyola mwana. Chenjerani kwambiri ndi ng'ombe yaing'ono thupi kapena yachikuda yomwe inapatsidwa umuna wa Friesian.

Mwana akatuluka, pukutani mphuno ndi kukamwa, mutikiteni ndi udzu wouma, pakani ayodini pa mchombo, n'kumusiya mayi amunyambite. Mkaka woyamba wachikasu uja ndiye chitetezo chake. Amwe malita awiri m'maola awiri oyambirira, kenako amwenso maola 12 asanathe. Mayi mpatseni madzi ambiri.

Nsengwa imagwa yokha maola 12 asanakwane. Ikachedwa, musaikoke, musamangirirepo mwala, itanani alangizi. Chimodzimodzi ng'ombe ikalephera kudzuka, makutu atazizira: nthawi zambiri ndi kuchepa kwa calcium m'thupi, ndipo ikafulumira kulandira mankhwala imadzuka tsiku lomwelo.

Mukafika kunyumba lero, funsani makolo tsiku lomwe ng'ombe inakweretsedwa, muwerengere, mulembe pa khoma la khola. Amene mulibe nambala ya alangizi a dera lanu, muonane ndi mlembi wathu musanachoke.