Kodi mukuseka ndani?

(Mawu amene mtolankhani wathu anayankhula kwa aphunzitsi ndi anamwino pa Lufita, m'boma la Chitipa)



Ine ndinabadwa ulamuliro wa chipani chimodzi utagwa kale, choncho zina mukuzidziwa kuposa ine. M'chaka cha 1989 boma la Dr Banda linalamula kuti mphunzitsi aliyense azikaphunzitsa m'chigawo cha kwawo. Aphunzitsi a kuno kumpoto anamanga katundu, mabanja ena n'kugawikana. Kudandaula poyera kunali kudziitanira ndende ya Mikuyu. Nanga anthu ankapuma bwanji? Ankaseka.

Anyamata a Youth League, ovala malaya ofiira aja, ofunsa makhadi a chipani pakhomo la msika, anthu anawatcha chiswe. Panalinso nthabwala ya Mmalawi amene anaoloka malire kukazulitsa dzino ku Tanzania. Dokotala anamufunsa kuti, "Kodi kwanu kulibe madokotala a mano?" Iye anati, "Alipo, koma kwathu satilola kutsegula pakamwa."

Nthabwala yotereyi sinkanenedwa chisawawa. Munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku, pakuti ngakhale mphunzitsi mnzako ankatha kukhala khutu la Special Branch. Amene waseka nawe osakakuneneza, ameneyo ndiye unkadziwa kuti ndi wako. Pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, zambiri za m'menemo anthu anali atanong'onezana kale moseka. Pa 14 Juni 1993 nyali inagonjetsa tambala wakuda.

Lero mantha a pantchito ndi ena. Namwino ali yekha usiku, magetsi azima, mayi wapakati akutaya magazi, ambulansi ilibe mafuta. Kukacha timamva anamwino akuseka, ndiye wina amati alibe chisoni. Ayi, abale anga. Munthu amene wachezera usiku wonse akuopa kuti wodwala amufera m'manja, akapanda kuseka ndi anzake, sabata yamawa safikanso kuntchito. Musawaletse.

Koma funso langa ndi ili: mukuseka ndani? Aphunzitsi a 1989 ankaseka owaopseza, anthu okhala ndi mphamvu yowamanga. Namwino akayamba kuseka mayi wochokera ku Misuku chifukwa akufotokoza matenda ake m'Chisukwa, Chichewa chikumuvuta, kapena mphunzitsi akaseketsa kalasi lonse ndi mwana wong'ambika kabudula, ameneyo wavala malaya ofiira aja.