ZIMENE ALENDO ADZERA KUNO KU NKHOTAKOTA

Ansembe athu, akatekisiti, ndi inu nonse abale mwa Ambuye:

Masiku ano tiona magalimoto a alendo alikupita ku nkhalango ya nyama. Ambiri adzera njobvu; pakuti m'zaka za 2016 ndi 2017 anatutira kuno njobvu 500 zocokera ku Liwonde ndi ku Majete, popeza zathu zinatsala pang'ono kutha ndi mfuti ndi misampha. Ena afuna kuona mtsinje wa Bua, umene mpasa zikweramo kukaikira mazira; ena mbalame za pa Chia; ena akasupe a madzi otentha a pa Mawira.

Koma ziripo zinthu ziwiri zimene tizisunga ndife eni ace, pa bwalo lathu lomwe lino. Coyamba ndico mkuyu uja wa pa cipatala ca St Anne's, pamene makolo atiuza kuti Dotolo Livingstone anakhala pansi ndi Jumbe m'caka ca 1863, namdandaulira kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe sanamvera, ndipo zombo zinaolotsabe anthu a mtundu wathu kumka tsidya lija la nyanja, osabweranso. Caciwiri ndico manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja ndi namondwe m'caka ca 1895, atangodzozedwa kumene, naikidwa m'calici cathu ca Oyera Mtima Onse.

Tsono cotidetsa nkhawa ife aphunzitsi ndi ici: mlendo akaima pa mkuyupo, ana athu amthamangira kukapempha ndalama, ena atathawa m'sukulu, koma akawafunsa za mtengowo, angoyang'ana pansi. Kodi si manyazi kuti munthu wa kutsidya kwa nyanja zamcere adziwe mbiri ya agogo athu kutiposa ife?

Cifukwa cace tikupemphani, akatekisiti: pakutha kalasi, tengani anawo, mukaime nao pa mkuyu ndi pa manda, nimuwafotokozere zonse, zowawa zomwe, osabisa kanthu. Muwauzenso kuti wochera msampha m'nkhalango alanda cakudya m'kamwa mwa mbale wace wolondera nyama, ndi mwa mai wophikira alendo.

Njobvu zinabwera nazo pa galimoto. Koma mbiri ikatayika, palibe galimoto idzatibwezera. Mulungu amene anasunga makolo athu atithandize kuisunga. Amen.