ZA KUPWETEKA KWA MSANA NDI KHOSI

Mau amene Dotolo wa cipatala ca boma analankhula kwa mamembala pa msonkhano wa pacaka wa Bungwe.

Atapereka ulemu kwa a Pampando ndi mafumu, Dotolo anati msana wa munthu suli pfupa limodzi ai, koma timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 pamene nthiti zagwira, 5 m'ciuno, ndi totsalato pansi, timene timalumikizana munthu akakula. Pakati pa timafupato pali tinkhata tofewa, tonga nkhata imene mai amaika pamutu posenza mtsuko. M'kati mwace mumapita mtsempha waukuru wocokera ku ubongo, umene umalamulira manja, miyendo ndi cikhodzodzo.

Anati ambiri ndithu a iwo odandaula msana alibe nthenda yoopsa, koma minofu yao yatopa kapena yakokeka ndi nchito. Munthu amalima cowerama ndi khasu la mpini waufupi kuyambira mbandakuca kufikira dzuwa litafika pamutu. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo khosi la mai, ngakhale la mtsikana wosakhwima mafupa, limaisenza kangapo pa tsiku. Mwamuna amanyamula thumba la makilogalamu 50 miyendo iri njo, m'malo mwa kupinda maondo ndi kuliyandikiza kuthupi. Kupweteka kotere kumatha kokha, kawiri kawiri asanakwane masabata 6. Kale madotolo anali kuuza odwala kuti agone masiku ambiri, koma tsopano kwadziwika kuti kugona kumaumitsa msana, ndipo woyendayenda pang'ono pang'ono ndiye amacira msanga.

Nthawi zina kankhata kamodzi kamatuluka m'malo mwace ndi kufinya mtsempha. Pamenepo ululu umatsika m'mwendo kufikira ku phazi, pamodzi ndi dzanzi. Kukacitika m'khosi, dzanzi limatsikira ku zala. Ambiri a awanso amacira popanda opaleshoni. Kwa okalamba tinkhata timauma ndi kuphwa, ndico cifukwa cace agogo amafupika msinkhu ndi kuuma msana m'mawa.

Koma nthenda imene Dotolo anakhalitsapo ndi cifuwa cacikuru ca msana. Anthu amayesa kuti cifuwa cacikuru cimagwira mapapo okha. Koma tizirombo tace, timene Robert Koch anationa m'caka ca 1882, timayenda ndi mwazi ndi kukamanga m'mafupa, makamaka a pakati pa msana. Percivall Pott, sing'anga wa ku London, analongosola nthendayi m'caka ca 1779, ndipo madotolo amaichulabe ndi dzina lace. Tiziromboto timadya pfupa mwakacetecete kwa miyezi, monga ciswe cimadyera nsici ya nyumba kunja kukuoneka bwino. Pfupalo likafumbwa limaphwanyika ca kutsogolo, msana ndi kupindika, linunda ndi kuturuka. Mafinya ndi zidutswa za pfupa zikafinya mtsempha waukuru uja, miyendo imalemera, kenaka imafa.

Coipa cace ncakuti poyamba nthendayi imafanana ndi msana wa khasu, ndipo wodwala nthawi zambiri satsokomola konse. Abale amamuthowa ndi madzi otentha, amamutemera mphini, ena amayamba kulozana cala za ufiti, miyezi iri kupita. Dotolo sanadzudzule abale otere, pakuti amacita mwa cikondi, koma anapempha mamembala kuti akauze anthu m'midzi mwao kusiyana kwace. Msana wa nchito umaleka munthu akapumula. Uwu suleka, umakula usiku, uli pamalo amodzi opweteka powagogoda, ndipo munthu amaonda, amatentha thupi ndi kucita thukuta pogona. Mwana wamng'ono sadwala msana wa khasu: mwana woyenda coumika, wotola kanthu pansi atagwira m'maondo, apite naye kucipatala sabata lomwelo. Ali ndi kacirombo ka HIV, makamaka asanayambe mankhwala, nthendayi imawagwira msanga koposa ena.

Anaonjeza kuti bambo wacikulire wobvutika pokodza, amene msana wayambanso kumpweteka, ayesedwe, popeza khansa ya prostate imakonda kufalikira ku mafupa a msana. Ndipo ali yense amene miyendo yafooka, kapena wacita dzanzi pokhalira, kapena mkodzo ndi cimbudzi zikuturuka iye osadziwa, asadikire kuti kuce. Maora ocepa angathe kulekanitsa woyenda ndi wopuwala.

Mmodzi wa mamembala atafunsa ngati cifuwa ca msana cimacizika, Dotolo anayankha kuti inde. Mankhwala ace ndi omwewo a cifuwa ca m'mapapo, ndipo m'zipatala za boma amaperekedwa kwaulere. Amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6 kufikira 12, osalekeza ngakhale ululu utatha. Ambiri amene miyendo inayamba kufooka amayendanso akayamba msanga, koma linunda likaturuka mankhwala saliwongola.