Kuonetsa Ana Mzinda wa Livingstone

Madzulo ano tikambe za chuthi.

Abambo ambiri akapuma pa nchito, ndalama zao zithera ku mowa, ndipo ana akula osadziwa dziko lao. Bwanji caka cino, sukulu zikatsekera m'mwezi wa August, osapita nao ku Livingstone?

Mzinda umenewu unali likulu la dziko lino kuyambira 1911 kufikira 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Yambani ndi Livingstone Museum, kumene ana adzaona makalata a David Livingstone ndi zipangizo za makolo athu. M'mawa mwace pitani ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, mtunda wa makilomita 10 kucokera m'tauni. Pamenepo Zambezi agwera m'phompho lakuya mamita oposa 100, ndipo capafupi pali ulalo wa njanji umene unatha kumangidwa mu 1905.

Koma cenjerani. Miyala ya kumeneko njoterera cifukwa ca nthunzi ya madzi; mwana wamng'ono mgwireni dzanja, wakhanda akhale kumsana kwa amace. Anyani ngakuba, tsono cakudya cikhale m'thumba lotseka. Musaumirize ana kuona zonse tsiku limodzi, pakuti mwana wotopa saona kanthu, angolira. Aphunzitseni dzina la atate wao ndi la kumene mwafikira, kuti wina akasokera athandizidwe msanga.

Mowa wa pa chuthi uiwalika kukaca, koma mwana amene anamva mkokomo wa Mosi-oa-Tunya adzasimbira adzukulu ace. Tsalani bwino.