Bwalo la Masewero Lofikirika kwa Mwana Aliyense kwa Maseya

Mawu olankhulidwa kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'dera la Mfumu Yaikulu Maseya, m'boma la Chikwawa



Nkhani ya lero ndi yosonkha ndalama zomangira bwalo limene mwana waulumali angathe kufikapo ndi kusewera limodzi ndi anzake. Ena afunsa kuti, m'dera limene likusowabe mijigo, milatho ndi zipinda zophunziriramo, katungwe ngwachiyani? Funsoli ndi lomveka, ndipo liyenera kuyankhidwa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo m'dziko muno, mmodzi ali ndi ulumali. Ana otere alipo m'midzi ya kwa Maseya. Ena anabadwa nawo, ena anawasiya choncho ndi malungo aakulu ogwira ubongo, amene sasowa kuno kuchigwa. Anzawo akathamangira ku phada, fulaye ndi chipako, iwo amatsala pakhonde. Chonsecho pamasewero ndi pamene mwana amaphunzirira kulankhula, kuwerengera, kudikira nthawi yake ndi kugwirizana ndi ena. Mwana womanidwa zimenezi amafika mu Sitandade 1 ngati mlendo pakati pa ana a m'mudzi mwake momwe, ndipo sachedwa kuleka sukulu.

Lamulo nalo lili kumbali ya mwanayo. Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene gawo lake la 30 limafuna kuti ana aulumali apeze mwayi wosewera mofanana ndi ana ena, ngakhale kusukulu. Lamulo la 2024 lokhudza anthu aulumali, limene linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA, likutsata njira yomweyo. Choncho bwaloli ndi ngongole imene dera lili nayo kwa ana ake.

Bwalo lofunikalo silofuna zipangizo zochokera kunja. Likufuna kulingalira bwino ntchito isanayambe. Likhale pafupi ndi sukulu, pamalo okwera, pakuti madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anaonetsa pamene madzi amafika. Njira zake zikhale zolimba ndi zosalala, chifukwa njinga ya mwana wosayenda imatitimira mumchenga ndi m'matope a dothi lamakande. Pokwerera pasakhale masitepe, pakhale chitunda chotsetsereka pang'onopang'ono: pa mita imodzi yokwera, chitalike mamita 12. Katungwe mmodzi akhale ndi mpando wotsamira ndi lamba. M'mbali mwa njira mukhale chogwirira chotsogolera mwana wosaona, ndipo mpira wina ukhale ndi timabelu m'kati. Mthunzi ndi wofunika koposa, pakuti dzuwa la Okutobala kuno limatenthetsa chitsulo mpaka kuwotcha dzanja, ndipo kwa mwana wachialubino dzuwalo limabweretsa khansa ya pakhungu. Pafunika denga, ndi mitengo ya nimu yobzalidwa mvula ikangoyamba. Chimbudzi cha khomo lalikulu chisaiwalike. Pa nthawi ya chigumula sukulu ndi zimene zimasanduka misasa, ndipo njira ndi chimbudzi chomwecho zidzathandiza agogo ndi amayi oyembekezera.

Ndalama zichokera kuti? Zichokera poyamba kwa eni dera. Midzi ingathe kututa mchenga ndi miyala, amisiri owotcherera zitsulo ndi akalipentala n'kuperekako luso lawo, magulu a banki m'khonde, mipingo ndi mizikiti n'kusonkha pa tsiku loikika. Kugwirira pamodzi si chinthu chachilendo kuno: alimi a ku Phata anaphatikiza minda yawo nayamba kulima nzimbe ngati kopaletivi imodzi. Kachiwiri, komiti ya VDC ilembe bwaloli m'ndondomeko ya mudzi, ADC iipititse kukhonsolo, kuti thumba la CDF lithe kugula simenti, zitsulo ndi malata. Kachitatu, makampani ndi mabungwe apemphedwe dera litasonkha kale gawo lake, pakuti wothandiza amalimba mtima akaona mulu wa mchenga pamalopo.

Chimene chimapha zopereka ndi chinsinsi. Komiti yosunga ndalama ikhale ndi osayinira atatu, mmodzi mwa iwo akhale kholo la mwana waulumali. Kwacha iliyonse ilembedwe lisiti, ndipo zolowa ndi zotuluka zimatidwe pabolodi la sukulu mwezi ndi mwezi. Anawo afunsidwe zimene akufuna, ndipo ayese njira ndi katungwe mmisiri asanalandire malipiro omaliza. Kagawo ka ndalama katsale kokonzera zowonongeka.

Pempho loyamba likupita kwa mafumu: aloze malo, ndipo mothandizana ndi alangizi a zaumoyo adziwe ana onse aulumali a m'midzi yawo, kuphatikizapo amene amabisidwa m'nyumba. Makolo asachite manyazi, pakuti ulumali si tsoka la banja limodzi. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Msonkhano wotsatira wa ADC ulandire malowo, chiwerengero cha anawo ndi mayina a komiti.