Thukuta Siliyesa Dzuŵa



Ife a m'chigwa chino dzuŵa timalidziŵa. Pofika Okutobala, munthu wa ku Utale kapena ku Liwonde amasoŵa pobisala. Tsono ambiri amati, popeza kwathu kuno nkotentha chotere, magetsi a dzuŵa ayenera kuchuluka kuposa kwina konse. Mawuŵa ali ndi choona, koma si chonse ayi.

Nkhaniyi si yamaseŵera. Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera mu mtsinje umodzi, Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nyanja itaphwera mu 2016 ndi 2017, tinagona mumdima. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, tinagonanso mumdima. Dzuŵa layamba kale kutipepuza: ku Salima anatsegula malo opanga mamegawati 60 mu 2021, ndipo ku Golomoti ena a mamegawati 20, okhala ndi mabatire, mu 2022.

Koma mvetsani bwino apa. Sola sadya kutentha, amadya kuŵala. Akatentha kwambiri mphamvu yake imayamba kutsika, monga mlimi afookera masana. Utsi wa lupsa umaphimba thambo, fumbi limamata pagalasi, mitambo ya dzinja imabisa dzuŵa masiku angapo. Nchifukwa chake akatswiri sakhulupirira thukuta lathu. Amaimika zipangizo zoyesera kuŵala, tsiku ndi tsiku, kwa chaka chathunthu kapena ziŵiri, nafananiza ndi zimene masetilaiti aona. Anachita zimenezi ku Chileka, ku Kasungu ndi ku Mzuzu kuyambira 2016, ndi chithandizo cha World Bank.

Atayesa kumwamba, amayang'ana pansi. Amafuna malo athyathyathya, osasefukira madzi, apafupi ndi nthambo zazikulu. Pamenepa Balaka ali ndi mwayi, chifukwa siteshoni yaikulu ya magetsi ya Phombeya iri m'boma lomweli. Ndipo pamenepanso ine mtima umandigunda, pakuti malo athyathyathyawo si tchire lopanda mwini: ndi minda yanu ya thonje, chimanga ndi nandolo.

Choncho inu mafumu, inu akatekisti ndi inu makolo, anthu oyesa malo akadzafika, alandireni mwaulemu, koma musafulumire kudinda chala. Afunseni pagulu, amayi ndi amasiye ali pomwepo: mukufuna maekala angati, kwa zaka zingati? Wotaya munda adzalima kuti? Kodi chigayo, sukulu ndi chipatala cha m'mudzi muno zidzalandirako magetsiwo, kapena nthambo zidzangodutsa pamwamba pa madenga athu kupita ku Blantyre?