Chambo Chathu Chinapita Kuti?

Mawu olankhulidwa pa chikondwerero cha Eid



A Shehe, mafumu athu olemekezeka, akuluakulu a komiti ya mzikiti, abambo ndi amayi, achinyamata ndi ana athu nonse, Eid Mubarak. Tiyamike Allah amene watifikitsa pa tsiku lino tili ndi moyo. A komiti anatipempha kuti tinenepo mawu pang'ono pa nkhani ya nyanja yathu, ndipo sitinakane, pakuti muno mulibe banja limene silinadyepo, kuvala kapena kulipira fizi ya mwana ndi ndalama yochokera m'madzi amenewa.

Tiyambe ndi funso, ndipo aliyense adziyankhe yekha mumtima. M'mwezi wonse wa Ramadhan wangothawu, ndi masiku angati amene tinamasula ndi chambo? Agogo athu amatiuza kuti kale ku Malombe chambo chinali ndiwo wamba, mwana ankachita kukana kuti chamukola. Lero chambo ndi cha alendo a m'mahotela ndi a magalimoto odutsa pa msewu, ife eni nyanja tikulimbirana usipa ndi kambuzi. Kodi chinachitika n'chiyani?

Ziwerengero za ku nthambi ya boma yoona za usodzi sizibisa. M'chaka cha 1982 asodzi a ku Malombe anapha chambo choposa matani 8,000. Pofika 1992 chimene chinaphedwa sichinakwane ngakhale matani 1,000. Zaka khumi zokha, abale, msinkhu wa mwana amene wayamba kumene kuwerenga bwino ku madrasa. Ndipo mu 2018 bungwe la IUCN, limene limawerengera zamoyo za padziko lonse, linalemba mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Mfundo imene tikufuna kuti tipite nayo kunyumba ndi imodzi. Vuto la nyanja silioneka lonse ndi diso la munthu mmodzi, ngakhale akhale wophunzira chotani. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Tipereka zitsanzo zitatu za kwathu konkuno.

Choyamba ndi cha ku Malombe komweko. Kuyambira mu 1988 mpaka 1992 boma, mothandizidwa ndi bungwe la FAO, linachita kafukufuku wa chambo ku Malombe, mu mtsinje wa Shire pano pa Mangochi, ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi. Akatswiri a za nsomba anafotokoza mmene chambo chimaswanirana. Chachimuna chimakonza chisa pa mchenga pansi pa madzi. Chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake mpaka titalimba, kenaka n'kukatisiya m'madzi osaya, m'mabango ndi m'zomera za m'madzi. Tiana timeneti ndi tija timati kasawala. Tsono nkacha ndi makoka a maso ang'onoang'ono, amene anabwera chifukwa cha kambuzi, amakokolola pansi: zisa kufafanizika, zomera kuzuka, kasawala kutsakamira m'ukonde. Tinkadya mbewu pamodzi ndi zokolola.

Kwa katswiri wa nsomba yankho linali lapafupi: letsani maukonde amenewa. Koma odziwa za chuma ndi za kakhalidwe ka anthu ataiona nkhaniyo anati, dikirani kaye. Kambuzi ndiye ndiwo ya amphawi. Nkacha imodzi imadyetsa mwini wake, anyamata okoka, amayi oyanika pa thandala, ogulitsa mu msika, mpaka wa kabaza wonyamula dengu. Mnyamata wokoka amalandira malinga ndi zimene zaphedwa, ndiye tsiku lopanda kulowa m'madzi ndi tsiku lopanda nsima. Munthu wotere lamulo lochokera ku ofesi angalimvere bwanji, pamene boma lilibe maboti ndi anthu okwanira kulondera doko lililonse?

Chotero mu 1993 kunayambika ndondomeko yatsopano ku Malombe ndi mu Shire, yoti asodzi ndi boma aziyang'anira nsomba limodzi. Kunakhazikitsidwa makomiti a m'madoko, aja tinazolowera kuwatchula kuti ma BVC, ndipo anthu anakambirana za kukula kwa maso a maukonde ndi za miyezi yotseka nyanja. Mu 1997 lamulo latsopano la za usodzi linavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali. Koma tinene zoona pa tsiku ngati lino: chambo sichinabwerere ku Malombe monga kale. Makomiti ena anakangana ndi mafumu pa nkhani ya amene alamulire padoko, m'makomiti ena asodzi enieni anali ochepa. Tinaitanizana nkhokwe itatha kale, ndiponso pa mkekapo ena anabwera kudzalankhula, osati kudzamvera.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha ku Chembe, ku Cape Maclear, ndipo amayi mutchere khutu chifukwa chikukhudza ana. Tonse timadziwa likodzo, matenda aja mwana amakodza magazi. Ena mwa ife tinakula tikuyesa kuti ndi chizindikiro choti mnyamata akukula. Ayi ndithu, ndi matenda. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono. Tizilomboto tikakula timatuluka mu nkhono muja n'kuboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wokoka khoka.

Kale madotolo ankati nkhono zofalitsa likodzo zimakhala m'madambo ndi m'mabango basi, pa mchenga woyera palibe choopsa. Koma ku Chembe likodzo linachuluka kwambiri, ndipo mankhwala okha sanalithetse. Mwana amamwa lero, pakapita miyezi wadwalanso. Yankho linabwera pamene katswiri wa nsomba, Jay Stauffer wa ku America, ndi katswiri wa nkhono, Henry Madsen wa ku Denmark, anagwira ntchito limodzi ndi anzawo a kuno ku Malawi. Anapeza kuti mtundu wina wa nkhono umene umakhala pa mchenga womwewo nawonso umafalitsa likodzo. Anaonanso kuti nsomba zina zimene zimaphwanya nkhono ndi mano a kukhosi zinachepa chifukwa cha makoka a m'mbali mwa nyanja, ndipo pamene nsombazo zinachepa nkhono zinachuluka. Mwaonatu? Bambo akukoka neti yotetezera udzudzu pa doko kuti mwana adye, osadziwa kuti akuchotsa mlonda wa mwana yemweyo. Dotolo payekha sakanazidziwa zimenezi, msodzi payekha sakanazidziwa.

Pamenepa ife a ku madrasa tili ndi gawo lathu. Timaphunzitsa ana kuti kukodza m'madzi odekha ndi koletsedwa, ndiponso kuti ukhondo ndi mbali ya chipembedzo. Dotolo akunena zomwezo m'chilankhulo chake. Phunziro limeneli likatuluka m'buku n'kufika padoko, pamodzi ndi chimbudzi chabwino, unyolo wa likodzo waduka.

Chachitatu ndi madzi enieniwo. Olemba mbiri amatikumbutsa kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanja ya Malawi inatsika kotero kuti Shire analeka kutuluka m'nyanjamo, ndipo mbali yaikulu ya Malombe inauma, anthu n'kumalimamo. Kenaka madzi anabwerera. Paja madzi saiwala khwawa. Mu 2024 tinaona ndi maso athu nyanja ikukwera mpaka kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno m'boma la Mangochi. Ambiri tinaloza chala ku baraji ya ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965. Koma injiniya wa pamenepo ali ndi katundu wolemera: akatsekula kwambiri, madzi akasautsa abale athu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, akasunga ochepa, chaka cha chilala magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani azima. Iye afunika wodziwa za mvula, wodziwa mbiri ya nyanja, ndi mfumu yodziwa pamene madzi anafika m'nthawi ya makolo, kuti anthu asamange pa njira ya madzi.

Ndipo madziwo amachokera kumapiri. Mtengo wodulidwa ku Namizimu kapena ku Phirilongwe kuti tiwotche makala kapena tiwambe nsomba, mvula ikagwa dothi lake limatsikira m'mitsinje mpaka m'nyanja, n'kukakwirira mchenga umene chambo chimamangapo chisa. Ndiye kuti wa zankhalango ndi mlangizi wa zaulimi nawonso ndi anthu a nyanja, ngakhale sanakwerepo bwato.

Mwina wina afunsa kuti, kodi kulipo kumene zinatheka? Kulipo. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira wa kumeneko akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950. Pali mwambo wotsekera ndi wotsekulira, pali malamulo oletsa mowa ndi njuga pa chilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amachotsedwa. Lero ophunzira a m'mayunivesite amapita ku Mbenji kukaphunzira kwa mfumu ndi kwa asodzi. Nzeru za makolo ndi nzeru za m'kalasi zikapatsana ulemu, utaka umakhalapo.

Tsono ife titani? Tikupempha zinthu zitatu.

Poyamba, eni maukonde ndi anyamata athu, nyanja ikatsekedwa m'mwezi wa Novembala tiyeni tiilemekeze. Tangotsiriza masiku makumi atatu tikuona madzi ndi chakudya pamaso pathu koma osakhudza, popanda wapolisi wotilondera. Anthu otere sangalephere kuleka chambo chili ndi ana m'kamwa. Ndipo amene Allah wawapatsa zochuluka akumbukire anyamata okoka m'miyezi imeneyo, chifukwa njala ndiyo imaba usiku.

Kachiwiri, a komiti ya mzikiti, bwalo lino likhale malo okumanirana. Tiitane mlangizi wa za usodzi, wa zaumoyo, wa zankhalango, a mfumu, a BVC ndi amayi ogulitsa nsomba tsiku limodzi, osati aliyense tsiku lake. Ndipo msodzi wokalamba apatsidwe nthawi yofanana ndi ya wobwera pa galimoto.

Kachitatu, makolo, ana apite ku madrasa ndi kusukulu komwe, anyamata ndi atsikana. Ife aphunzitsi timaona mmene kalasi imachepera usipa ukagwa. Pa Mpwepwe pompa pali koleji ya za usodzi, ku Monkey Bay kuli malo ofufuzira za nsomba. Kodi ana a m'mbali mwa nyanja adzingokhala onyamula katundu wa ofufuza mpaka liti? Mwana amene anakulira m'bwato, nadziwa mwera ndi mpoto, akawonjezapo sayansi, amakhala ndi mitu iwiri m'chipewa chimodzi. Ameneyo ndiye tikumusowa.

Nyanjayi tinaipeza, ndipo tidzaisiya. Ndi chosungitsidwa m'manja mwathu, ndipo wosungitsidwa amafunsidwa. Allah atipatse nzeru zomverana, ndi kudzichepetsa kovomera kuti mnzathu akuona chimene ife sitikuona. Mudye bwino, mukayendere abale ndi odwala, mufike kunyumba mwamtendere.